Anankafumbwe a mu Hadi Disiki ya Amalume

Anzanga, musanaimve kwa anthu okometsera nkhani, lekani ndikuuzeni ndekha chifukwa chimene kwawo kwa alamu anga ku Kabudula amanditchulira kuti Vidiyo. Dzina langa lenileni ndine Tadala, ndili Fomu 3, ndipo mpaka chaka chino ndinkadziona ngati mtsikana wochenjera kwambiri pakati pa Mpingu ndi Namitete.

Mlandu wonse ndimaukankhira kwa agogo anga aNaphiri, ngakhale iwo amakana. Ndinakulira m'manja mwawo, ndipo agogowa sanena chinthu molunjika. Akafuna mchere satchula mchere, amayamba ndi "Ndagi," iwe uyankhe "Gize," kenako uzunguzike mutu ndiwo zikupserera. Ndiye ine ndinakula ndikukhulupirira kuti chilichonse padziko pano ndi ndagi, chili ndi yankho lake lobisika, ndipo woyenera kulitulukira ndine. M'kalasi aphunzitsi akamalemba pabolodi, ine maso amakhala pawindo, ndikudzifunsa kuti kodi mitambo yopita ku Mchinji ija imakagona kwa yani.

Mu Juni achemwali anga a Esnati anachita chinkhoswe. Mukudziwa paja amafunditsa zitenje atsikana angapo, kumutu mpaka kumapazi, kuti mwamuna aloze wake? Mmodzi wa ofunditsidwawo ndinali ine. Ndili m'chitenje muja, amayi akululutira, ndinayamba kulota kuti ndine mwana wamkazi wa kudziko lakutali amene nkhope yake sinaonedwepo ndi munthu, ndipo ndikulota choncho ndinaponda mpendero wa chitenje n'kugwa chafufumimba. Pogwapo ndinagwira mwendo wa ankhoswe amene ananyamula thadzi lopereka kuchimuna, thadzi n'kupulumuka, azibambo a masuti n'kuyamba kulithamangitsa kuzungulira nkhokwe. Zonsezi amalume anga a Yosefe, amene amakonza mafoni ndi makompyuta pa Namitete ndipo Loweruka amajambula maukwati, anazijambula osaphonya ngakhale nthenga imodzi.

Vidiyo imeneyo inali yofunika kwambiri. Alamu anga analeredwa ndi agogo awo aNangondo, ndipo agogowo sanabwere kuchinkhoswe chifukwa anali atathyoka mwendo. Anatumiza mawu akuti tsiku la ukwati lisatchulidwe mpaka iwo ataona ndi maso awo mmene mdzukulu wawo analandiridwira kuchikazi. Mabanja anagwirizana kuti Loweruka lina mu Julayi vidiyoyo ipite ku Kabudula. Achemwali ankawerenga masiku, ine ndinkangopemphera chamumtima kuti pofika pa kugwa kwanga paja batire lidzathe.

Lachiwiri la sabata imeneyo amalume anafika pa njinga yamoto ndi laputopu yawo kuti tionereko kaye. Anatulutsanso kabokosi kachitsulo, kokula ngati sopo wochapira.

"Iyi ndi hadi disiki," anatero. "Chinkhoswe chonse chili muno, ndipo muno mokha, poti m'kamera ndinafufuta, ndinajambuliramo ukwati wa anthu ena."

Atalumikiza ndi kachingwe, kabokosi kanayamba kung'ung'udza bwinobwino, tinaona alendo akufika, mabenchi akuyalidwa, kenako kanati tcheke, tcheke, tcheke. Amalume nkhope inasintha, anazimitsa msanga.

"Yayamba kudwala. Lachisanu ndibwera ndi ina ndisamutsiremo zonse isanafe. Ndiisiya konkuno, ndikupita ku Nsaru ndipo msewu uli ndi mabampu, chinthu ichi chimadana ndi kugwedezeka. Wina aliyense asaigwire. Tadala, wamva?"

"Ndamva, amalume."

Ndinamvadi. Koma chimene ndinamva kwambiri chinali tcheke tcheke uja.

Lachitatu m'mawa amayi ndi achemwali anapita kuchigayo, ine ndi agogo tinatsala pakhonde tikutonola chimanga. Agogo anatola njere imodzi yobooka n'kuiyang'anitsitsa.

"Ndagi."

"Gize."

"Mlendo wanga sagogoda ali panja, amagogoda ali kale m'nyumba."

"Nankafumbwe," ndinayankha ndisanaphethire n'komwe, chifukwa aliyense amene anaikapo khutu pathumba la chimanga chofumbwa amakadziwa kaphokoso kaja. Ndipo pomwepo, anzanga, m'mutu mwanga munawala. Tcheke, tcheke, kugogoda kochokera m'kati. Ndinathamanga kukatsegula sutikesi ya achemwali momwe tinasungira hadi disiki ija, ndikudziuza kuti ndingoyang'ana basi. Potembenuza kabokosiko, mukudziwa chimene ndinapeza? Kabowo. Kakang'ono, kozungulira bwino, kofanana ndendende ndi ka panjere ya agogo ija.

Agogo anakayandikitsa kumaso. "Bowo ili ndikulidziwa. Ndalimbana nalo kuyambira amako asanabadwe. Yosefe anaphunzira za makina, koma za tizilombo sadziwa kanthu, ali mwana ankathawa kutonola."

"Pambali pake alemba m'Chingerezi kuti bowoli lisatsekedwe," ndinawauza.

"Eya, nanga ukatseka atulukira pati? Kwawokonso amadziwa."

Pulani yanga inali yosalakwa konse. Chimanga chofumbwa timachiyanika padzuwa, anankafumbwe akamva kutentha amatuluka okha. Ndiye ndinaika hadi disiki m'lichero n'kuisiya pabwalo, ine n'kukhala pambali ndikudikira. Ndikudikira choncho ndinkaona kale Lachisanu mmene lidzakhalire: amalume akulumikiza, tcheke tcheke wapita, iwo akundifunsa kuti ndatani, ine ndikuyankha modzichepetsa ndikuyang'ana pansi, mbiri ikufika mpaka kutauni kuti kuli mtsikana wina kumudzi amene amachiza makompyuta ndi nzeru za makolo. Ndinafika mpaka posankha diresi yodzavala pa wayilesi yakanema.

Dzuwa linafika paliwombo, palibe chinatuluka.

"Ngamakani amenewo," anatero agogo. "Atokose."

Ndinatenga singano n'kulowetsa pakabowo. Inalowa pang'ono n'kugunda kanthu kofewa, ine n'kukankha mpaka kanabooka. Palibe chinatuluka. Ndinagogoda kabokosi pamwendo wa mpando, kaye mwaulemu, kenako mopanda ulemu. Palibenso. Tsono munthu wayamba kale ntchito, angaisiyire panjira? Ndinati nditsegule ndingosuzumira, ndidzatsekanso mmene zinalili, ndani adzadziwa?

Timisomali topota ta pachivundikiro tinali ndi mitu yonga nyenyezi, ndipo munthu wanzeru akanazindikira kuti anatipanga choncho dala kuti anthu onga ine asamatsegule. Ine ndinangoti ndi zokongoletsa. Ndinanola nsonga ya kampeni kosendera mbatata pamwala mpaka inakwana, n'kuyamba kumasula kamodzikamodzi. Kotsiriza anakabisa pansi pa kapepala komata, ndipo nditakapeza ndinadzitama ngati ndamasulira ndagi yovuta ya agogo. Chivundikiro chinakana pang'ono, ndinachikanula ndi mpeni, chinavomera.

Mayo ine, kukongola kwake! M'katimo munali kambale kozungulira, konyezimira kuposa galasi lililonse limene ndinadziyang'anirapo. Galasi la kwathu ndi lothyoka pakona ndipo limakupatsa chipumi chachikulu, koma ili linandionetsa Tadala weniweni, maso ake, mpata wa m'mano, chilichonse. Anankafumbwe ndinawaiwala. Ndinamwetulira, ndinakwiya dala, ndinayesa nkhope ya munthu wofunsidwa mafunso pa wayilesi yakanema. Pambali pa kambaleko panali kamkono kachitsulo kowonda, katakhala phee pa kakhonde kake kapulasitiki.

Agogo anawerama kuti nawonso adzione, ndipo pini yomwe amamangira bulauzi yawo, imene inali ikulendewera, inathawa pachifuwa n'kukamatirira pakona ya kabokosi, tapa.

"Muli mankhwala muno," ananong'ona, akubwerera m'mbuyo.

"Ndi maginito, agogo, tinaphunzira kusukulu."

"Kaya mumawatcha chiyani, koma andilanda pini."

Polimbana ndi piniyo ndinaona kanthu koyera kobisala pakona ina, konga kamtsamiro ka chidole.  Chisa! Ndinakazula ndi singano n'kukaonetsa agogo, iwo anagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza zomwe amayembekezera, n'kukaponya pamoto. Makolo ake tinati athawa ndi dzuwa lija tisakuona, koma mazira tawapeza.

Ntchito ikanathera pomwepo, mwina bwenzi lero ndikungotchedwa Tadala. Koma pogwiragwira paja ndinasiya zala zanga pagalasi, zidindo zitatu za mafuta odzola. Ndinapumirapo n'kupukuta ndi chitenje, mafuta anangofalikira. Ndinapukuta ndi malovu, zinaipiraipira. Kodi ndikanabweza chinthu cha amalume chili ndi litsiro, ine mwana woleredwa bwino?

"Chitsulo chilichonse chimamvera phulusa," anatero agogo. "Mapoto anga aja ukuona amawala ndi chiyani?"

Ndinapala phulusa losalala lenileni, osati lamakala, n'kudonthezera timadzi, n'kutenga khoko la chimanga. Kamkono kaja kankanditchinga, ndiye ndinakanyamula pang'ono ngati mmene timakwezera loko wa pachitseko, kanati pinde, koma ndinakabwezera ndi chala. Ndinakwecha mozungulira, mwachikondi, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Nditatsuka ndinapeza nkhope yanga sikuonekanso bwino, ili ngati munthu woima m'nkhungu, koma agogo anati chikauma chiwala. Ndinachiyanikanso m'lichero chili chotsegula, mwera ukuwomba, gaga wa chimanga akuuluka, ndipo kamwanapiye kamodzi kanadutsamo kawiri ndisanakaingitse.

Potseka, kamsomali kamodzi kanatsala. Ndinati mwina anaikamo kapadera.

Lachisanu masana amalume anafika ndi hadi disiki yatsopano. Tonse tinasonkhana pakhonde, ine ndinakhala kutsogolo nditakonzeka kale kuyang'ana pansi modzichepetsa. Analumikiza. Tcheke tcheke analidi atapita, pamenepo ndisaname. M'malo mwake munatuluka phokoso longa la chigayo chikameza mwala, kweee, kenako zii. Amalume anatembenuza kabokosi, anaona kapepala kong'ambika, anakapendeketsa, ndipo pa thalauza lawo lakuda panagwa kaphulusa.

Anandiyang'ana. Sanayang'ane wina aliyense, zomwe mpaka lero ndimaona kuti sichinali chilungamo.

"Munali anankafumbwe, amalume," ndinatero. "Koma musadandaule, chisa tinachotsa."

"Tinachotsa? Iwe ndi yani?"

"Ine Lachitatu ndinali kudimba tsiku lonse," anatero agogo, akusenda mbatata ndi kampeni komwe kaja.

Amalume anatsegula chivundikiro, anayang'ana m'kati nthawi yaitali, kenako anakhala pansi penipeni, pafumbi, osasamala thalauza. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayamba kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene abusa amayankhulira pamaliro a munthu amene sankabwera kutchalitchi.

"Tadala, bowo lija analiboola dala. Ndi lopumira, kuti mpweya wa m'kati ndi wa kunja uzilingana, ndipo kuseri kwake kuli kasefa koletsa fumbi, kamene iwe wakaboola. Chisa chako chija nachonso ndi sefa, chimakola kafumbi kalikonse kotsalira m'kati. Zinthu izi amazimangira m'chipinda choyera kuposa cha opareshoni, anthu ake atabisa tsitsi ndi pakamwa."

"Ifenso m'manja tinasamba," anatero agogo, ataiwala kuti anali kudimba.

Amalume anapitiriza ngati sanamve. "Kambale aka kamazungulira maulendo oposa zikwi zisanu pa mphindi imodzi. Kamphepo kobwera ndi kuzungulirako ndi kamene kamanyamula kamutu ka kunsonga ya kamkono aka, ndiye kamutuko kamawerenga kakuuluka, sikakhudza mbale. Mpata wake tsitsi lako silingalowemo, ngakhale utsi wa fodya ndi waukulu. Chidindo cha chala chako pamenepo ndi phiri. Ukazimitsa, kamkono kamathawira pa kakhonde aka kuti kasagwere pambale, ndipo mahadi disiki ena amamva akamagwa patebulo, kamkono n'kubisala asanafike pansi. Oyambirira anali aakulu ngati kabati. Anthu akhala zaka ndi zaka akuchepetsa, akuteteza ku fumbi, ku kugwa, ku kugwedezeka. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sanachiganizire."

"Chiyani, amalume?"

"Iwe ndi phulusa."

Tsono taonani matenda anga. Pamene munthu wina aliyense akanagwetsa misozi, ine m'mutu mwanga munali mukuzungulira kambale kaja ndi kambalame kake kosatera, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndagi. Mbalame yanga imakolola munda ili m'mwamba, tsiku lotera ndiye la maliro ake."

Palibe anayankha kuti gize. Ngakhale agogo.

 Achemwali anafunsa amalume ngati mungatuluke ngakhale chithunzi chimodzi, amalume anapukusa mutu. Apo ndiye ndinazindikira chimene ndinakwecha ndi khoko la chimanga lija, chifukwa achemwali maso anafiira, ndipo mawa lake kunali ku Kabudula, kwa gogo amene ananena kuti popanda kuona palibe ukwati. Achemwaliwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kundiloza.

"Mawa ukupita nafe. Unalipo, unaona zonse, ndipo pakamwa pakopo sipatopa. Vidiyo ukakhala iweyo."

Ndinaganiza kuti ndi mawu a mkwiyo chabe. Loweruka m'mawa anandidzutsa n'kundipatsa chitenje chomwe chija.

Ku Kabudula tinapeza atabwereka mabenchi kutchalitchi, anthu atadzaza pansi pa mtengo wa mango, ena atachokera midzi yoyandikana kudzaonera kanema. Agogo aNangondo anali pamkeka, mwendo atautambasula, ndodo ili pambali. Amalume anagwada n'kufotokoza kuti makina anadwala, kenako anakumana ndi sing'anga wolakwika. Anthu anang'ung'udza. Gogoyo anayang'ana achemwali kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye mwabwera kudzandionetsa chiyani, mayi?"

"Tabwera ndi sing'angayo, agogo," anatero achemwali, akundikankhira pakati pabwalo.

 Ndinayamba ndi mawu aang'ono kuti tsikulo kunacha bwino, alendo anafika pa lole.

"Kwezani mawu," anatero aNangondo, akundiloza ndi ndodo ngati limoti ya wayilesi yakanema.

Ndinakweza. Ndipo pang'onopang'ono, anzanga, kulota kwanga kuja kunayamba kugwira ntchito koyamba chibadwire. Ndinakhala lole ikubwerera m'mbuyo, ndinakhala ankhoswe akukonza kukhosi asanayankhule, ndinakhala alamu akupereka tambala, ndinakhala tambalayo. Ndinaonetsa mmene amayi anavinira polandira khasu ndi nkhwangwa, mmene achemwali anagwadira popereka lichero ndi mthiko, maso ali pansi koma akumwetulira chakumbali. Gogo uja ankati akakweza ndodo ndiime, afunse kuti mdzukulu wawo anamupatsa mpando wotani, anadya kapena ayi, anamuseka ndani, akatsitsa ndodo ndipitirize. Anthu anayamba kuombera m'manja. Ndinafika pa atsikana ofunditsidwa zitenje, ndinaonetsa woyamba akutuluka, kenako mwaulemu ndinalumphira pamene alamu analoza achemwali.

"Yadumpha," anatero achemwali, mawu ali ozizira.

"Eti yadumpha?" anafunsa aNangondo. "Bwezani m'mbuyo."

"Pamenepo, agogo, sipanachitike zambiri."

"Ine ndinamva kuti kunali thadzi. Funda chitenjecho."

Ndinafunda. Ndinayenda ngati mwana wamkazi wa kudziko lakutali, ndinaponda mpendero, ndinagwa chafufumimba pafumbi la ku Kabudula, n'kugwira mwendo wa amalume amene anawaimika kuti akhale ankhoswe. Kenako ndinadzuka n'kukhala thadzi, n'kuzungulira mtengo wa mango ndikukupiza chitenje. Gogo uja anaseka mpaka kutsokomola, anamwa madzi, anapukuta misozi, anakweza ndodo.

"Pamenepo sindinaone bwino, maso ndi okalamba awa. Bwezaninso."

Ndinagwa katatu. Kachitatu mabondo anali atasupuka, ndipo ndinali nditamvetsa bwino lomwe chifukwa chimene amalume amanenera kuti chinthu chosunga vidiyo chimadana ndi kugwa. Mu hadi disiki ija ndinagwa kamodzi kokha, ndipo zikanaonedwa pa kagalasi kakang'ono ka laputopu. Ine ndi phulusa langa ndinazisandutsa zamoyo, pamaso pa midzi itatu.

Ataseka mokwanira, aNangondo anaitana achemwali kuti akhale pamkeka pawo, anawagwira dzanja.

"Ndaona. Mwana wanga munamulandira bwino, ndipo banja lomwe limatha kuseka chonchi ndi labwino kulowamo. Tchulani tsiku." Kenako anatembenukira kwa amalume. "Inu bambo, paukwatipo musadzavutike ndi makina anuwo. Mudzangobweretsa Vidiyoyu, azidzaima kutsogolo aziona. Ameneyu safuna batire."

Ukwati ndi wa mu Okutobala, ndipo ndauzidwa kale kuti ndisadzalote m'tchalitchi chifukwa Lolemba lake ndikukaonetsa ku Kabudula. Kambale kaja amalume anandipatsa kuti kazindikumbutsa, kali pakhoma kuchipinda kwanga, koma sindidzionamo, muli nkhungu yokhayokha. Agogo mpaka lero akuti anali kudimba, ngakhale pini yawo idakali yomatirira pa maginito.

Ine ndalumbira. Chinthu chilichonse chokhala ndi timisomali ta nyenyezi, ngakhale chigogode usana wonse, ngakhale nankafumbwe atulutse mutu pabowo n'kundipatsa moni ndi dzina langa, ndidzangomuyankha kuti idyani bwino, achimwene, mwini wake abwera Lachisanu.